Lawi, utsi ndi phulusa

Ana akamaloweza tchati cha maelementi 118, pamakhala nthabwala yoseka anthu akale amene ankati chilichonse n'chopangidwa ndi dothi, madzi, mpweya ndi moto. Ine nthabwala imeneyi sindiseka nawo.

Zinayizi anazitchula ndi Empedocles wa ku Sicily, Aristotle n'kudzazigawa potengera kutentha, kuzizira, kuuma ndi kunyowa. Koma wondikopa mtima ndi Paracelsus, sing'anga wamakani wa ku Switzerland, amene anamwalira mu 1541. Iye ankati sonkhani chikuni pamoto, muyang'anitsitse. Chimene chikuyakacho ndi salufa, chothawa ndi utsicho ndi mekyule, chotsalira m'phulusa ndi mchere. Sankanena mchere wothira m'ndiwo ayi. Ankanena makhalidwe atatu: kuyaka, kuuluka ndi kukhazikika, ndipo ankati atatuwa ali m'zitsulo, m'zitsamba, ngakhale m'thupi la wodwala.

Mchere wakewo amayi akumudzi amaudziwa bwino. Amatenga phulusa la zitsononkho, n'kuliika m'chitini choboolaboola kunsi, n'kuthiramo madzi. Amadontha pang'onopang'ono, ofiirira, oterera m'zala. Chidulo chimenecho, chofewetsera therere ndi chigwada. Muchiphwetse pamoto, pansi pa mphika patsala ufa wotuwa. Mu 1807, ku London, Humphry Davy anadutsitsa magetsi mu potashi, amene kale ankachokera m'phulusa lomweli, ndipo munatuluka chitsulo chofewa, potaziyamu. Choncho Paracelsus maso anali nawo. M'phulusa munalidi kanthu.

Anaphonya pofuna kuti zitatuzo zifotokoze zonse. Chinthu chikakana kulowa m'gulu, ankachikankhiramo basi. Robert Boyle anamutsutsa mu 1661 ndi funso lovuta kulizemba: golide mukamusiya m'ng'anjo, utsi wake uli kuti, nanga phulusa lake? Amangosungunuka, akazizira n'kukhala golide yemweyo. Anachenjezanso kuti moto sumangophwasula zinthu, nthawi zina umapanga zatsopano zimene munalibe m'chikunimo.

Amene anathetsa mkanganowu ndi Antoine Lavoisier, munthu wokhulupirira sikelo, woyeza kulemera kwa chinthu chisanapse ndiponso chitapsa, osaiwala mpweya umene chameza. Mu 1789 analemba mndandanda wa zinthu 33 zimene ankati sizingaphwanyikenso. Salufa ndi mekyule analowamo, tsopano ngati zinthu zogwirika, zokwera pasikelo. Komatu pamndandanda womwewo mkuluyu anaikaponso kuwala ndi kutentha ngati maelementi, ndipo iyeyu m'kalasi palibe amene amamuseka.