Ulemu pa Malo Opatulika

Anzanga ena amati munthu akalipira ulendo wa ku Nepal ayenera kuloledwa kuona zonse. Ine ndikana. M'kacisi wa Pashupatinath ku Kathmandu amalowa Ahindu okha. Ena amaima kutsidya la mtsinje wa Bagmati, kumene amatentha mitembo. Kodi nkwabwino kujambula anthu akulira maliro? Ku Boudhanath Abuda amazungulira kacisi wao akupemphera, si masewera ai.

Mu 1955 George Band ndi Joe Brown anakwera Kangchenjunga, phiri lacitatu kutalika pa dziko lonse, koma sanaponde pansonga peni peni, cifukwa gulu lao linalonjeza mfumu ya Sikkim kuti lidzalemekeza malowo. Ndiganiza kuti ulemu umenewu uposa kukwera kwaoko. Mlendo amacoka mawa, eni ace natsala ndi malo ao opatulika.