Mimba ikadandaula, mutu umamva

Adzukulu anga, kodi munayamba mwadzifunsa chifukwa chake m'mimba mumabwadamuka mukamadikira zotsatira za mayeso, kapena mukaitanidwa kubwalo la amfumu? Ena amafika potsegula m'mimba kumene. Mimba ndi ubongo zimatumizirana mauthenga usana ndi usiku, ndipo njira yake yaikulu ndi mtsempha wotchedwa vagus, wochokera m'mutu kukafika m'matumbo.

M'thupi la munthu wamkulu mumakhala mabakiteriya pafupifupi 38 thiliyoni, ndipo ochuluka adamanga mudzi wawo m'matumbo aakulu. Ambiri mwa iwo ndi abwenzi athu. Gaga, makoko a nyemba ndi ulusi wa ndiwo zamasamba zimene mimba yalephera kugaya, iwo ndiwo amagaya, n'kutulutsamo chakudya cholimbitsa matumbowo.

Mu 2004, Nobuyuki Sudo ndi anzake ku Japan adafufuza mbewa zoleredwa popanda tizilomboti. Zikapanikizidwa, zinkatulutsa mahomoni a nkhawa ochuluka kuposa mbewa zinzake. Atazipatsa bakiteriya wamtundu wa Bifidobacterium zikadali zazing'ono, vutolo lidachepa. Munthu si mbewa, koma phunziro lilipo: okhala m'matumbo amakhudza mmene thupi limalandirira mavuto.

Tsono mudziwu mukuudyetsa chiyani? Lero mgaiwa mumaunyoza kuti ndi nsima ya osauka, n'kumathamangira ufa woyera, mabisiketi ndi zakumwa zashuga. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pokonola chimanga, gaga amene tizilomboti timadya mumakapatsa nkhuku. Bwererani ku mgaiwa, nyemba, nandolo, bonongwe, nkhwani wotendera, malambe ndi masuku, ndipo muzisinthasintha, pakuti mtundu uliwonse wa tizilomboti uli ndi chakudya chake. Chambiko nachonso musachitaye.

China chimene chimandiwawa mtima ndi makapisozi ogula pamsika. Chimfine pang'ono, mwameza kale. Mankhwala opha mabakiteriya sasankha. Amasesa oipa ndi abwino omwe, ndipo mudziwo umatenga nthawi kuti umangikenso. Safunsa anadya phula. Imwani okhawo amene adokotala akulemberani.

Komanso musandimve molakwa ngati ndati zakudyazi zimachiza matenda a maganizo. Mukakhala masabata osapeza tulo, chakudya osachifuna, chiyembekezo chitatha, uzani m'bale wanu ndipo pitani kuchipatala. Mutu umodzi susenza denga.

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Mawa mukamapita kuchigayo, chimanga china mukagayitse chosakonola.