Kusema mitengo pa lathe: dilu yokoma pa foni, nanga ku Lungwena kuno?

Masiku ano ukatsegula TikTok kapena Facebook sulephera kuona kavidiyo ka munthu akuzunguza chipika pa makina, tchizulo chikudya mtengo, zipalapasiro zikuuluka, pakangotha mphindi imodzi mbale yosalala yatuluka. Anyamata angapo kuno anditumizira timavidiyo totere akufunsa kuti, "Aise, sitingayambe zimenezi ife?" Inenso zinandikopa, moti ndinatha masabata awiri ndikufufuza m'malo molemba nkhani.

Choyamba ndi makinawo, amene amawatchula kuti lathe. Amagetsi amachokera kunja, ndipo katundu wakunja mukudziwa kale mmene alili. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zikusowabe. Ena akuti abale a ku Joni atumize. Chabwino, koma transipoti ndi msonkho wa paboda ndi zako. Makinawo akafika akufunanso magetsi, chonsecho nyumba zambiri kuno zilibe, ndipo kasola kotchajira foni sikangazunguze mota.

Komatu pali njira ina imene amisiri a ziboliboli akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Chipika amachimanga pakati pa zitsulo ziwiri zosongoka, nkukulungapo chingwe. Wina amakoka chingwecho uku ndi uku, wina akusema. Tchizulo amasula kuchokera ku tupa wakutha kapena sipuling'i ya galimoto. Ndinayesa ndi kalipentala wina, mng'ono wanga akukoka chingwe. Tinatulutsa kanthu kofanana ndi mwendo wa tebulo, kokhota pang'ono, ine matuza m'manja tho. Koma kunena zoona, kuona mtengo ukusintha maonekedwe m'manja mwako kumakoma, ndipo maola atatu anadutsa osagwira foni. Kwa ine chimenecho nchodabwitsa.

Vuto lalikulu, mmene ndikuonera, ndi mitengo. Yokongola imene mumaiona pa ziboliboli za ku Cape Maclear kapena ku Liwonde ndi phingo, mlombwa ndi mbawa. Mitengo imeneyi imakula pang'onopang'ono, ndipo ikutha. Kuseri kwathu kuno kuli nkhalango yotetezedwa ya Namizimu, imene makala ayidya kale mokwanira. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020, zilango zinakula, ndiye kudula mtengo mmenemo popanda chilolezo ndi nkhani ya kukhoti, osati yongopepesa. Kunjanso aikhwimitsa: mitengo ya mtundu wa phingo inalowa pa mndandanda wa CITES mu 2017, ndipo mlombwa ndi mbawa zinatsatira mu 2023. Amene akulota zogulitsa kunja adziwiretu zimenezi.

Ine ndikuti woyamba kumene asavutike ndi phingo. Mitengo ya mango yogwa yokha ilipo, malaina alipo, zidutswa zotsala kwa akalipentala zimangotenthedwa. Ungoonetsetsa kuti mtengowo wauma, chifukwa wauwisi umang'aluka mbale itatha kale. Ndipo tchinga maso ndi mphuno, fumbi lake si lamasewera.

Nanga msika? Apa mpamene ndimasiyana ndi anzanga. Alendo ambiri amathera mbali ina ya nyanja, ku Nkopola ndi ku Monkey Bay. Ochepa kwambiri amawoloka mlatho wa Bakili Muluzi nkulunjika msewu wa ku Makanjira. Ndiye zoti uzigulitsa zoikapo makandulo kwa azungu pano, iwalani. Chimene chingayende ndi zinthu zimene anthu akufuna kale: miyendo ya mipando ndi mabedi, mipini ya zipangizo, timitondo tosinjira tsabola ndi adyo. Amene akumanga nyumba ndi ndalama za ku Joni akufuna mipando yooneka bwino, ndipo kalipentala uja anandiuza kuti miyendo yozungulira amakagula ku Mangochi boma.

Mwendo wanga wokhota uja anakana kuugula. Akuti ndibwere ndi inayi yofanana, kenako tikambirana mtengo. Mng'ono wanga naye akuti ulendo uno chingwe sakoka ulere.