Pogula Mashoko a Pikapu, Yambani Mwafunsa Msewu ndi Katundu

Nyengo yokolola ikatha ndipo ndalama za chimanga, mtedza, soya ndi thonje zikayamba kulowa m'nyumba, ife amene tili ndi kagalimoto pakhomo timakumbukira zonse zimene tinazengereza m'dzinja. Wina amathamangira matayala, wina batire, winanso utoto kuti galimoto ikaoneke bwino pamaso pa anthu. Koma kuseri kwa tayala lililonse kuli chitsulo china chimene ambiri sitichiganizira kufikira tsiku limene chatigwiritsa fuwa lamoto. Amakaniko amachitcha shoko, ndipo pikapu imakhala ndi mashoko anayi. Mwezi uno tikambirane za kasankhidwe kake, pakuti ifenso tinaiphunzira nkhaniyi movutika.

M'dzinja lapitali tinadzutsidwa usiku kuti tikanyamule alamu athu, mayi achikulire, amene anaterereka pachitsime nathyoka fupa la m'chiuno. Tinayala matiresi kumbuyo kwa pikapu, amayi awiri anakhala m'mbali kuti aziwagwirira, ndipo tinanyamuka kulowera ku chipatala cha St Francis ku Katete. Tisanafike pa tala panali msewu wa kumudzi wodzaza ndi maenje. Pa dzenje lililonse galimoto inkanjanja katatu kapena kanayi isanakhazikike, ndipo nthawi iliyonse tinkamva kubuula kumbuyo kwathu. Tinayenda ngati ngolo ya ng'ombe, komabe sizinathandize kwenikweni. Chimene chinatipweteka mumtima n'chakuti miyezi itatu yokha izi zisanachitike tinali titagula mashoko otsika mtengo kwa munthu wina wogulitsa zitsulo zakale, opakidwa utoto wonyezimira ngati atsopano. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alamu athu anachira ndipo akuyenda ndi ndodo, koma ululu umene anamva usiku umenewo, mbali ina tinawaonjezera ndife.

Tiyambe ndi kumvetsa ntchito ya chitsulo chimenechi, chifukwa ambiri timasokoneza shoko ndi sipuling'i. Chimene chimasenza kulemera kwa galimoto ndi katundu wake ndi masipuling'i. Kumbuyo kwa mapikapu ambiri amene timawaona kuno, monga Toyota Hilux, Isuzu, Ford Ranger ndi Nissan Hardbody, kuli masipuling'i a zitsulo zazitali zosanjikizana, pamene kutsogolo kuli ozungulira kapena ndodo yachitsulo imene imapotoka. Sipuling'i ikapanikizidwa imabwerera, ndipo ikasiyidwa yokha imapitiriza kugwedera ngati nthambi imene mwana wangodumphapo. Shoko ndilo limathetsa kugwedera kumeneko. M'kati mwake muli oyilo ndi pisitoni yokhala ndi timabowo ting'onoting'ono. Tayala likakwera kapena kutsika, oyilo amakakamizidwa kudutsa m'timabowomo, ndipo mphamvu ya kudumpha imasanduka kutentha. N'chifukwa chake shoko lamoyo limakhala lotentha mukayenda nalo pamsewu wa mabampu, pamene lakufa limakhala lozizira ngati silinagwire ntchito.

Tsono musaganize kuti nkhaniyi ndi ya kukhala mwawofuwofu kokha. Tayala limagwira ntchito pokhapokha likakhala pansi. Mashoko akatha, tayala limadumphadumpha, ndipo pamene lili m'malere silimvera buleki kapena chiwongolero. Msewu waukulu wa Great East Road unakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010 kuchokera pa mlatho wa Luangwa kukafika ku Mwami, ndipo pa tala wosalala aliyense amafuna kuthamanga. Komatu pamsewu womwewo pakati pa Sinda ndi Katete pamadutsa ng'ombe, mbuzi, njinga zosenza makala ndi ana a sukulu, kuonjezera pa malole akuluakulu opita ku Chipata kapena okhotera ku Chanida kumalire a Mozambique. Galimoto ya mashoko akutha imafuna mtunda wotalikirapo kuti iime, imaweramira kutsogolo mukaponda buleki, ndipo imapendekeka pokhota. Mapazi ochepa amenewo ndiwo amasiyanitsa kungodzidzimuka ndi maliro.

Nanga tidziwa bwanji kuti mashoko atha? Choyamba, gwadani muyang'ane. Kachinyezi pang'ono ka oyilo pamwamba pa shoko si mlandu, koma oyilo woyenderera mpaka pansi, amene wamata fumbi, akusonyeza kuti shokolo lataya mphamvu. Chachiwiri, papasani matayala ndi dzanja. Mukapeza kuti adyeka mokumbikakumbika, pena pokwera pena potsika kuzungulira tayala lonse, ndiye kuti lakhala likudumpha. Chachitatu, kanikizani ngodya ya galimoto mwamphamvu ndi kuisiya. Ikadzuka kamodzi n'kukhazikika zili bwino. Ikapitiriza kugwedera, pali vuto. Koma muyeso umenewu umanamiza kumbuyo kwa pikapu, chifukwa masipuling'i ake ndi olimba ndipo munthu mmodzi sangawapinde kwenikweni. Chachinayi, mverani phokoso. Kugogoda pa mabampu nthawi zambiri kumachokera ku timphira ta kumapeto kwa shoko, timene amakaniko amati mabushi, ndipo timeneti timasinthidwa patokha pa mtengo wochepa. Opanga ena amalangiza kusintha mashoko akayenda makilomita 80,000, koma pamisewu ya m'midzi yathu ambiri amatha asanafike pamenepo.

Mukafika m'sitolo ya zitsulo za galimoto, kaya pa boma la Katete, ku Chipata kapena ku Lusaka, adzakufunsani ngati mukufuna a oyilo kapena a gasi. Musachite mantha ndi funsoli. Onse ali ndi oyilo m'kati. Kusiyana kwake n'kwakuti a gasi anawaonjezera mpweya wa nayitirojeni wopanikizidwa. Pamsewu wa fumbi umene wachita mizeremizere ngati lata, shoko limakwera ndi kutsika mosapumira, oyilo amatentha nachita thovu, ndipo thovu limadutsa m'timabowo popanda chokaniza. Apo m'pamene galimoto imene inanyamuka bwino m'mawa imayamba kuyandama ikayenda ola limodzi. Mpweya uja umapanikiza oyilo kuti asachite thovu msanga. Choncho amene mumayenda mitunda italiitali ya fumbi, monga m'midzi ya kwa Kawaza, kwa Kathumba kapena kwa Pembamoyo ku Vubwi, a gasi adzakutumikirani bwino. A oyilo okhaokha ndi ofewerapo ndiponso otsika mtengo, ndipo amakwanira kwa amene ulendo wake ndi wa pa tala ndi kamtunda kochepa ka fumbi.

Palinso kusiyana kwa kapangidwe. Mashoko ena ali ndi machubu awiri, ina m'kati mwa inzake, pamene ena ali ndi chubu imodzi. A chubu imodzi okhala ndi gasi anatulukiridwa ndi Mfalansa wina, Christian Bourcier de Carbon, ndipo kampani ya ku Germany ya Bilstein inayamba kuwapanga m'zaka za m'ma 1950. Amenewa amataya kutentha msanga ndipo satopa pamsewu woipa, koma ndi okwera mtengo, amamveka olimbirapo, ndipo mwala ukafinya chubuyo pisitoni imakakamira pomwepo. A machubu awiri amapirira mwala, chifukwa chubu yakunja ikafinyika pang'ono yam'kati imapitiriza ntchito, ndipo kawirikawiri ndiwo amapereka ulendo wofewa. Kwa banja limene pikapu yake imapita kumunda, kumsika ndi kuchipatala, a machubu awiri okhala ndi gasi ndiwo ali pakatikati pa mtengo ndi ntchito.

Koma funso lalikulu kuposa onsewa ndi ili: kodi galimoto yanu imanyamula chiyani masiku ambiri? Apa m'pamene ambiri timalakwitsa. Timakumbukira masabata ochepa amene timatuta chimanga kupita ku depoti ya FRA kapena kubweretsa feteleza, ndipo timapempha mashoko olimba kwambiri, aja amati heavy duty. Chonsecho miyezi ina yonse pikapu imayenda ndi anthu awiri kapena atatu ndi thumba limodzi la ufa. Kumbuyo kwa pikapu yopanda katundu n'kouma kale, chifukwa masipuling'i ake anapangidwira katundu wolemera. Mukaonjezerapo mashoko olimba, kamwala kalikonse kadzafika pamsana pa agogo. Mashoko olimba ndi a iwo amene tsiku ndi tsiku amanyamula katundu wolemera kapena amakoka ngolo. Ife ena tifunse mashoko a muyezo umene galimoto inabwera nawo kuchokera kufakitale, pakuti amene anaipanga anayesa kale shoko ndi sipuling'i kuti zigwirizane.

Tinenenso mosabisa kuti shoko silionjezera mphamvu ya kusenza. Ngati kumbuyo kwa galimoto kwagwa ngakhale ilibe katundu, atopa ndi masipuling'i, ndipo mukaikapo mashoko atsopano mudzangowapha msanga. Pikapu zambiri zinapangidwa kuti zizinyamula pafupifupi tani imodzi. Amenewo ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo m'chiwerengero chimenecho muli dalaivala yemwe ndi aliyense amene wakwera. Tikasanja matumba 30 n'kukweza anyamata anayi pamwamba, palibe shoko la mtengo uliwonse limene lingatipulumutse. Ndi bwino kubwereza ulendo kusiyana ndi kugona pamsewu.

Popita kukagula, lembani nambala ya chasisi, chaka cha galimoto, ndiponso ngati imakoka ndi matayala awiri kapena onse anayi. Hilux yakhala ikupangidwa kuyambira 1968 ndipo yasinthidwa kambirimbiri, kotero kungonena dzina sikukwanira. Ngati n'kotheka, tengani shoko lakale kuti mukayerekeze kutalika kwake likatambasuka ndi likafupika, komanso mitu yake, chifukwa ena amamangidwa ndi diso lolowetsa bawuti pamene ena ali ndi kandodo ka mazinga. Shoko lalifupi limakokedwa mpaka kuduka pamutu, ndipo lalitali limagunda pansi pake lisanathe ulendo. Gulani awiriawiri: akutsogolo onse pamodzi kapena akumbuyo onse pamodzi, a mtundu umodzi. Shoko latsopano kumanja ndi lakutha kumanzere zimapangitsa galimoto kutsimphina. Ndalama zikaperewera, yambani ndi awiri amene atheratu, enawo adikire malonda otsatira.

Za mashoko a salaula tanena kale zimene zinatigwera. Injini yakale mungaimvere kulira kwake, tayala lakale mungalione mano ake, koma m'kati mwa shoko simungaonemo, ndipo utoto ndi wotsika mtengo. Kulikoka ndi manja m'sitolo kumangosonyeza shoko lofa kotheratu, pakuti liwiro la dzanja silifanana ndi la tayala pamsewu. Mayina odziwika monga KYB, Monroe ndi Gabriel amapezeka m'masitolo, koma dzina lodziwika ndilo limene achinyengo amakonda kulemba pa katundu wawo. Yang'anani nambala yodindidwa pachitsulo penipeni, osati ya papepala lomata lokha, ndipo ione ngati ikufanana ndi ya pabokosi. Pemphani lisiti, funsaninso ngati angakubwezereni shoko likayamba kudontha msanga. Wogulitsa akakana kulemba lisiti, wakuuzani kale zonse. Safunsa anadya phula.

Pomanga, khalani pafupi ndi amakaniko anu ndipo muwapemphe mwaulemu zinthu zitatu. Aike mabushi atsopano. Asagwire ndodo yonyezimira ya shoko ndi pulayala, chifukwa kachilonda kakang'ono pandodoyo kamang'amba mphira wotsekera oyilo. Ndipo amalize kumanga mabawuti galimoto itatsitsidwa pa jeke n'kuima pa matayala ake, kuti mabushi asakhale opotoka. Shoko lakale la gasi lisaponyedwe pamoto kapena kupatsidwa kwa ana kuti aliboole, pakuti mpweya uli m'katimo ndi wopanikizidwa ndipo ungavulaze. Mukatha, yezani mpweya wa m'matayala. Ambiri timapopa kwambiri nthawi yotuta chimanga n'kuiwala kuchepetsa, kenaka timadandaula kuti galimoto yauma. Muyezo woyenera wa galimoto yopanda katundu ndi wa yodzaza unalembedwa pa kapepala ka pachitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto. Nthawi zina ulendo wofewa umene tikuufunafuna m'sitolo uli pomwepo, ndipo ndi waulere.

Loweruka lomaliza la Ogasiti misewu yonse imalunjika ku Mkaika, kumene mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Masiku amenewo ndi amene galimoto zathu zimanyamula anthu ambiri, ndipo pambuyo pake kumabwera maukwati, kututa feteleza, kenaka mvula. Tisadikire usiku wa kugogoda kwa pachitseko monga tinachitira ife. Sabata ino tiyale thumba pansi, tigwade, tiyang'ane kuseri kwa matayala onse anayi. Pikapu ya pamudzi si ya mwini wake yekha. Ndi imene imathamangira mayi wapakati, ndi imene imanyamula wodwala, ndipo amene adzagone pa matiresi kumbuyoko sadzafunsidwa kuti tigule mashoko otani. Tiwasankhire bwino lero. Tikumanenso mwezi wamawa.