Wotuta mchenga aonenso mabuku a ndalama

Uthenga woitana makolo kukatuta mchenga wa buloko ya sukulu susochera. Ahedi auza anyakwawa, anyakwawa atuma wokuwa madzulo, kutchalitchi ndi kumzikiti alengezanso, ndipo wojomba amadziwiratu kuti nkhuku yake yapita kwa amfumu. Koma ndalama za boma zikalowa mu akaunti ya sukulu yomweyo, wokuwa uja mawu amamuthera. Njira imene imafikitsa uthenga wa ntchito pakhomo lililonse imatsekeka bwanji ikakhala nkhani ya ndalama?

Ndalamazo zilipo. Kwa zaka zoposa khumi tsopano sukulu za pulayimale za boma zakhala zikulandira thandizo la School Improvement Grant, lomwe aphunzitsi amangoti SIG. Limadzera ku khonsolo, n'kulowa mu akaunti ya sukulu, ndipo limayenera kugwira ntchito motsatira pulani imene ahedi, komiti ya sukulu, a bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA), mafumu ndi makolo agwirizana. Papepala zonse zili bwino. Koma imani pa chigayo chapafupi ndi sukulu iliyonse mufunse amayi ali pamzere kuti chaka chino SIG yabwera zingati. Ambiri akufunsani kuti SIG n'chiyani.

Amene anakhalapo pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi akudziwa mmene zimathera. Maola awiri apita ndi nkhani ya ana ochedwa, yunifolomu ndi mbuzi zolowa m'munda wa ahedi. Dzuwa litafika paliwombo, anthu njala itawapweteka, msungichuma aimirira ndi kope lopindika m'makona, awerenga manambala mothamanga, theka m'Chingerezi, ndipo ndalama yaikulu kuposa zonse ili pa mutu wakuti "zina ndi zina". Wapampando afunsa ngati pali funso, asanapume n'komwe aitana wotseka ndi pemphero. Mayi amene angaimike mkono kufunsa malisiti amatuluka ndi dzina loti wovuta, ndipo usiku sagona poopa kuti mwana wake aziona zakuda m'kalasi.

Sindikunena kuti ahedi onse ndi akuba. Ambiri amavutika ndi ndalama zochepa, zobwera mochedwa, mpaka kukongola choko kwa wagolosale. Chinsinsi chimapweteka iwowa poyamba. Mphunzitsi wamkulu akagula njinga yamoto ya ngongole, mudzi wonse umati ndi za SIG zija. Akanamata pepala pakhoma losonyeza kuti ndalama sizinafike, mkwiyo wa makolo ukanalunjika ku khonsolo, kumene kuli vuto.

Ku Uganda anayesa, zinatheka. Kafukufuku anapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995, magawo 13 okha pa 100 alionse a ndalama zimene boma linkatumiza zoyendetsera sukulu za pulayimale ndi amene ankafika kusukuluko. Zina zinkathera m'maofesi a m'maboma. Boma litayamba kusindikiza m'nyuzipepala ndalama zotumizidwa mwezi ndi mwezi, n'kulamula sukulu kuzimata poonekera, pofika 2001 zofika zinaposa magawo 80. Panali zosintha zinanso, inde, koma wapakati anadziwa kuti kumudzi akuwerenga naye limodzi.

Kuno lamulo tili nalo kale. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Kholo lofunsa bajeti ya sukulu silikupempha chifundo.

Chinsinsi sichithera pa ndalama. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, koma ana akhala akubwezedwa pageti chifukwa cha ndalama ya mlonda kapena ya mayeso, makolo osadziwa kuti zopereka zotere si chifukwa chothamangitsira mwana. Ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu inakhazikitsidwa mu 1993. Mpaka lero alipo agogo akulera chidzukulu ndi mayi wake pakhomo poganiza kuti sukulu inamuthera. Mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta asakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Zonsezi zimalembedwa m'makalata a Chingerezi opita kwa ahedi, n'kukagona m'kabati.

Ena amati makolo akumudzi sangamve za bajeti poti ambiri sukulu sanapite nayo patali. Chipongwe chimenechi chithe. Amayi omwewa ku banki mkhonde amawerenga masheya mokweza sabata iliyonse, amadziwa wabweza ndi wotsala, ndipo K500 ikasowa m'bokosi palibe amanyamuka. Ndi omwewanso amene amadzuka mbandakucha kukasonkha moto wa phala la Mary's Meals popanda malipiro, amene m'magulu a mother group amasoka zovala za atsikana za kumwezi ndi kulondola ana osiya sukulu mpaka kunyumba. Munthu amene mwamukhulupirira ndi poto wa ana mazanamazana mungamuuze kuti masamu a sukulu amukulira?

Chofunika sichidya ndalama. Pepala limodzi pakhomo pa ofesi ya ahedi, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena chilankhulo cha deralo: zabwera zingati, tsiku liti, tagula chiyani, kwa ndani, zatsala zingati. Ofesi ya maphunziro ya boma lililonse imate mndandanda wa sukulu zonse pa malo osulira aphunzitsi (TDC) ndipo iuwerenge pa wailesi za m'madera monga Dzimwe ku Mangochi. Nkhani ya ndalama izikhala yoyamba pa msonkhano, anthu asanatope. Ndipo alangizi a maphunziro a pulayimale (PEA) akabwera kudzayendera sukulu, asanapemphe masikimu a aphunzitsi, ayambe aima pakhonde n'kuona ngati pepalalo lilipo. Ngati palibe, alembe mu lipoti lawo dzina la sukuluyo ndi la wapampando wa komiti.