Mzinda Suli wa Eni Galimoto Okha

Pali anthu ena m'maofesi a Boma, ena mwa iwo ophunzira kwambiri, amene amaganiza kuti chitukuko cha mzinda chimaoneka ndi kutambalala kwa misewu. Anthu otere akaona mdipiti wa galimoto pa mlatho wa Lilongwe, mankhwala awo ndi amodzi okha: kulitsani msewu! Maganizo amenewa ndi osokeretsa, ndipo atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera sayenera kuwaombera m'manja.

Msewu ukakula, amene ankasiya galimoto kunyumba amaitulutsa, ogula zatsopano amachuluka, ndipo posapita zaka zambiri mdipiti uja umabweranso, ndalama za msonkho zitapita kale. Mizinda ikuluikulu inaziona izi kalekale. Mu 1975 Singapore inayamba kulipiritsa galimoto zolowa pakati pa mzinda m'mawa, ndipo London inachita chimodzimodzi mu 2003. Chaka chomwecho a ku Seoul anayamba kugumula msewu wam'mwamba umene unakwirira mtsinje, madzi n'kuonekeranso. Kodi anthu amenewa sadziwa chitukuko?

Likulu lathu linasamuka kuchoka ku Zomba mu 1975, ndipo Lilongwe inamangidwa motayana: Capital Hill uku, Old Town uko, nkhalango pakati. Dongosolo limeneli linakomera mwini galimoto. Koma pa kalembera wa 2018 anthu a mumzindawu anali atayandikira 1 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo galimoto alibe. Mesenjala wa ku Area 25 ndi mayi wogulitsa tomato wa ku Chinsapo amalawirira mbandakucha, kulimbirana minibasi, kukwera kabaza, kapena kuyenda wapansi m'mphepete mwa phula, fumbi ndi matope zili zawo. Amenewatu ndiwo amadzaza misonkhano ya Chipani, ndiwonso amaponya voti; wolemba mapulani amawadutsa magalasi atatseka.

Nzeru yake siili kutali. Mzinda wa Curitiba ku Brazil unapatula njira ya mabasi okhaokha mu 1974, ndipo anansi athu a ku Dar es Salaam anatsegula yawo mu 2016, yochokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni. Basi ikakhala ndi njira yakeyake siima pa mdipiti, ndipo imanyamula anthu amene akanadzaza galimoto makumimakumi.

Choncho pulani iliyonse ya msewu watsopano ikafika ku Khonsolo, makhansala ndi aphungu afunse poyera kuti njira ya basi, ya njinga ndi ya oyenda pansi ili pati. Ngati palibe, pulaniyo ibwerere kwa mwini wake isanadye ndalama ngakhale tambala imodzi.