Dzuwa litenthetse madzi osamba

Ku Tete dzuwa limawala kwambiri. Koma mabanja ambiri amatenthetsa madzi osamba ndi nkhuni. Nkhunizo zili kutali. Atsikana amalawirira kukatola, ndipo amacedwa kusukulu. Zimenezi si zabwino.

Cigubu cakuda cingathandize. Cinthu cakuda cimatentha msanga padzuwa kuposa coyera. Amayi akadzaza madzi m'cigubu, nacitseka bwino, naciika pamwala m'mawa, pofika madzulo madziwo amakhala atafunda. Mwana amasamba osanjenjemera. Nkhuni zimatsala zophikira nsima.

Tsiku la mitambo madzi safunda, ndiye moto uthandize. Cigubu comwe munali mankhwala a m'munda cisagwiritsidwe nchito. Ndipo madzi akumwa aziwiritsidwabe pamoto, cifukwa madzi ongofunda sapha tizilombo totsekula m'mimba.